Cone filter pa Corolla yakale, mphamvu imabweradi kapena ndi phokoso chabe?

AE110_Luwinga
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi ka Corolla kanga ka AE110, injini 5A, ka 1997, mileage inadutsa 280,000 kalekale ndipo mwina anaibwezanso isanafike kuno. Masiku ano kakulemera kwabasi pa mtunda. Sabata yatha pochokera ku Nkhata Bay ndili ndi anthu anayi ndi matumba awiri a ufa wa kondowole, kungodutsa pa Mpamba ndinakwera mitunda yonse ija pa giya 2, ma Sienta akungondidutsa ngati ndaima. Mphwanga akuti ndichotse kabokosi ka air cleaner ndiike cone filter, zosefa mpweya zosongoka zofiira zija, akuti galimoto imapuma bwino, mphamvu imakwera ndipo mafuta imamwa pang'ono. Iyeyo ali nayo kale ina akufuna andigulitse. Alipo anayesapo pa injini yakale ngati yangayi? Sindikufuna kutaya ndalama nthawi yake ino

RunX_Boy265
Ikani bwana musachedwe. Ine ndinaika pa RunX yanga, ukaponda imachita kubangula, anthu pa Katoto roundabout amatembenuka onse

NyaKatoto
Ndiye ndinu amene mumatidzutsira ana 11 koloko usiku eti? Takudziwani lero

RunX_Boy265
kkkkk asisi si ine, tilipo ambiri

MdalaSipanala
A Luwinga, musanagule kalikonse yambani mwatsegula kabokosi komwe mukufuna kutayako. Tulutsani air cleaner ili momo muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa ndiye yatsekeka, gulani ina yapepala basi. Kenako lowetsani chala mu hosi yaikulu yopita ku throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini mukaponda), mbali yoyera ija, mupukute mkati. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira dziwani kuti injini yanu yakhala ikudya dothi, chikatuluka ndi oyilo wambiri ndiye kuti breather (kapaipi kotulutsa nthunzi ya oyilo mu injini) ikulavula, ma ring'i a pisitoni atopa. Mundiuze zomwe mupeze.

Za cone zo. Ndagwira galimoto zaka zoposa 30, ndinayambira pa ma Peugeot 504 ndi ma Land Rover a Series, sindinaonepo injini yotopa itatsitsimuka chifukwa cha fyuluta. Nkhalamba ya chifuwa simungaichize poikulitsa mphuno. Kabokosi kamene anaika a Toyota kaja kamakoka mpweya wozizira kuchokera kutsogolo, cone anyamata amangoimanga pa hosi mkati mwa boneti momwe mwadzadza mpweya wotentha wa radiator ndi manifold. Mpweya wotentha ndi wopepuka, oxygen wake ndi wochepa. Ndiye mumapeza phokoso lakwera koma kukoka kuli pomwepo, masana a Okotobala mwinanso kwatsika.

RunX_Boy265
Madala mukunena za kale inu. Ine ndikuyendetsa ndekha ndikumva kusiyana

MdalaSipanala
Mukumva ndi makutu, n'zoona. Tengani wotchi, mukaime pansi pa mtunda umodzi, mukwere ndi cone, mubwerere mubwezere kabokosi mukwerenso, anthu omwewo giya yomweyo. Mubwere ndi ma second tikambirane

aPhunzitsi_Fizikisi
Ndiloleni ndilowe ndi choko changa. A Luwinga pali chinthu china chomwe ambiri kuno timaiwala, Mzuzu uno ali pamwamba. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, ife kuno tili cha m'ma 1,250. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 alionse mukamakwera, chifukwa mpweya umanka nupepuka. Ndiye 5A yanu yomwe ili yatsopano inali ndi ma horsepower cha m'ma 100 ku Japan, ikangofika pa Mzuzu 12 achoka kale osalakwa kanthu. Onjezani zaka zakezo, anthu anayi ndi kondowole. Pochokera ku Nkhata Bay mumayamba ndi mpweya wolemera kunyanja, mukamakwera galimoto imanka nifooka, n'chifukwa chake mitunda yomaliza yolowera mu town imawawa kuposa yoyamba. Cone siingalemeretse mpweya wa Mzuzu, yomwe imatha zimenezo ndi turbo.

China, mukamayenda bwinobwino phazi lili theka, chomwe chikutsekereza mpweya ndi ka butterfly ka mu throttle, inu eni ake ndi phazi lanu. Fyuluta imayamba kukhala nkhani pokhapokha mwaponda mpaka pansi injini ikulira pa 5,000 kapena 6,000. Ndani amayendetsa 5A ya 280,000 pa 6,000 tsiku ndi tsiku?

RunX_Boy265
Ine

Chiweta_Express
N'chifukwa chake mumakhalira ku galaja kkkk

Probox_ya_Ekwendeni
Ine ndiyankhule monga munthu amene analumidwapo. Chaka chatha ndinagula cone ina yopanda ndi dzina lomwe, wogulitsa anandiuza kuti ikada uzingochapa ndi sopo n'kuipaka oyilo. Sanandiuze oyilo wanji. Ine ndinatenga oyilo wa injini wa SAE 40 wotsala pa service n'kuimiza ngati mandasi. Patangotha masiku atatu Probox inayamba kudukiza, check engine yayaka, pa idling ikunjenjemera, mafuta ikumwa ngati Land Cruiser. Makanika woyamba anati ndi pampu, tinasintha, palibe chinasintha. Wachiwiri anati ma coil. Wachitatu ndi amene anamasula MAF sensor, kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini, n'kundionetsa, tiwaya take tonse tili noninoni oyilo ndi fumbi. Anapopera spray yake, tinabwezera kabokosi kakale komwe mwamwayi ndinali ndisanataye, galimoto inakhala bwino pompo. Ndalama ya pampu inapita choncho

AE110_Luwinga
Eee pepani achimwene. Ndiye yanganso ingatero?

MdalaSipanala
Ayi yanu ilibe MAF. Probox ili ndi injini ya 1NZ, imayeza mpweya ndi kawaya kotentha kali pa hosi pafupi ndi fyuluta, n'chifukwa chake oyilo amakapha msanga. 5A imagwiritsa ntchito vacuum sensor ya pa manifold, oyilo wa fyuluta saipeza motero. Koma pa kabokosi kanu pali ka sensor kena kakang'ono koyeza kutentha kwa mpweya, anyamata akachotsa kabokosi amangokasiya lende kapena kukamanga ndi waya penapake. Kompyuta imawerenga zabodza. Ndakonzapo zingapo zotere

Joni_Returnee
Koma tisanyoze zonse pamodzi. Pali cone za pamsika zija za chisiponji, ndiye pali zenizeni monga K&N ya ku America, yomwe ndi nsalu ya thonje yopanikizidwa pakati pa tiwaya, ili ndi oyilo wake wofiira wopepuka ndi mankhwala ake ochapira. Anthu aja anayambira pa njinga zamoto za mpikisano m'ma 1960, si dzulo ayi. Ndipo amapanganso ya flat yolowa mu kabokosi komweko, osachotsa kanthu. Ndili ku Johannesburg ndinali nayo pa Golf zaka zinayi sinandivute. Mphamvu sindinama, sindinaone kusiyana koti n'kulembera kumudzi, ubwino wake unali woti sindimagulanso fyuluta, kungochapa

Dizilo5L
Ku Johannesburg tala mpaka pakhomo. Bwerani nayo njira ya ku Nyika mwezi wa Okotobala, kuchoka pa Rumphi kudutsa Bolero mpaka ku Thazima gate kumbuyo kwa lole ya fodya kapena ya matabwa, mukaione. Ine Hilux yanga ya 5L ndimayenda nayo njira zimenezo sabata ndi sabata, ndikafika ngakhale nsidze zimakhala zofiira. Fyuluta yopuma kwambiri ndi yoti mabowo ake ndi aakulu, palibe matsenga apa. Mpweya ukamadutsa mosavuta fumbi losalala lija limadutsanso. Ndipo fumbi lathuli ndi mchenga, likalowa mu silinda n'kusakanikirana ndi oyilo limasanduka grinding paste yomwe timapalira ma valve ija. Ine ndinachita zosiyana ndi zanuzo, ndinaika snorkel, paipi yokoka mpweya m'mwamba, yokhala ndi kambale pamwamba kozunguza mpweya, fumbi lalikulu limagwera m'kambalemo, madzulo ndimangokhuthula. Yapepala mkati imakhalitsa kawiri

Joni_Returnee
Pa fumbi sinditsutsa. Ndimangoti si zonse zachabechabe

aPhunzitsi_Fizikisi
A Dizilo anena zoona, taonani masamu ake. Injini ya malita 1.5 imadzadza masilinda onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndiye pa 3,000 mutaponda mpaka pansi ikumeza mpweya wokwana malita pafupifupi 2,250 pa mphindi imodzi. Kapena tinene motere, petulo amapsa bwino pa muyezo wa 14.7 kwa 1 polemera, ndiye lita imodzi ya petulo imafuna mpweya malita 9,000 mpaka 10,000. Thanki imodzi yokha ndi mpweya wodzadza nyumba zingapo. Fyuluta ina ikamagwira 99 peresenti ya fumbi ina 97, pa pepala zikuoneka ngati mapasa, koma yachiwiriyo ikulowetsa fumbi lochuluka katatu. Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo, koma umo ndi momwe muyenera kuwerengera mukaona zolemba pa katoni

Kabaza_Zolozolo
Aphunzitsi mwatikumbutsa Form 3, ena tinathawa zomwezi

Chiweta_Express
Koma vuto lina tisabise, zapepala zomwe zadzadza m'mashopu muno zambiri ndi feki. Katoni yolembedwa bwinobwino genuine, ukatsegula pepala lake ngati la kope ya pulaimale, labala wa m'mbali wolimba sakhala n'kukhala bwino mu kabokosi. Ndinagulapo ina ya Hiace, maulendo awiri a ku Karonga glue anasungunuka pepala linachoka pa chitsulo. Ndiye munthu ukaganiza zoti ugule yochapa kamodzi n'kuiwala si uchitsiru ayi

MdalaSipanala
Pamenepo mwalasa. Yapepala yafeki ndi yoipa kuposa cone yabwino, ndivomera. Poigula werengani mapindo ake, yeniyeni amakhala ambiri ndi othithikana. Finyani labala wa m'mbali, azibwerera. Ndipo muiyese mu kabokosi musanalipire, isamagwedere. Fumbi lambiri lomwe ndimapeza m'mainjini silidutsa pa pepala, limadutsa m'mbali, pa clip yothyoka kapena hosi yong'ambika kunsi komwe simuona

Sienta_Mchengautuwa
Nanga zopopera ndi compressor zija? Ine pa service iliyonse amangoipopera n'kubwezera, yatha chaka ndi theka

MdalaSipanala
Kamodzi kapena kawiri, mpweya wochepa, kuchokera mbali yoyera kupita kunja, ndingakhululuke. Koma anyamata amaika nozzle pa pepala penipeni ndi pressure ya matayala a lole. Pepala limabooka timabowo tosaoneka. Ikuoneka yoyera koma yasanduka sefa ya ufa. Chaka ndi theka pa taxi ya Mchengautuwa, tayani imeneyo

Sienta_Mchengautuwa
Ndalama madala, ndalama. Tsiku lonse ukhale pa mzere wa mafuta, ukapeza abwana akufuna target yawo, fyuluta ikumbukiridwa ndi ndani

Kabaza_Zolozolo
Nkhani ndi imeneyo. Ndipo mwina galimoto ya a Luwinga sikulakwa mpweya, ndi mafuta a m'zigubu. Nthawi ya kusowa ija tonse tinamwetsa za mavenda, ena amathira palafini, njinga yanga inkachita kugogoda ngati muli misomali

NyaKatoto
Ine anandigulitsa malita 5 pansi pake pali madzi, ndinazimira pa Chibavi mvula ikugwa ana ali m'galimoto. Kuyambira tsiku limenelo bola ndikwere kabaza

Kabaza_Zolozolo
Tilipo mayi, yewo chomene

Bakkie1400
Ngakhale wa pa filling station, petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, zinayamba kale m'ma 1980. Galimoto ikakhalitsa osayenda ethanol amakoka chinyezi, ndipo timalabala takale ta mu kabureta timauma

Chiweta_Express
Ethanol yo si vuto, takulira momwemo. Vuto ndi zigubu zosatsuka

Admin_Mpoto
Abale za mafuta zili ndi ulusi wake, tinakangana kale mpaka ena anatuluka pa gulu. Tibwerere ku fyuluta ya a Luwinga

Bakkie1400
Chabwino bwana admin. Ndiye ndinene za ife a kabureta poti mutu ukuti injini zakale, ndipo 5A kwa ine ndi mwana. Yanga ndi Nissan 1400, injini A14, ilibe kompyuta ilibe sensor. Pa galimoto ngati iyi fyuluta imakhudzadi mafuta, ikatsekeka zimakhala ngati wakoka choke, utsi wakuda mapulagi akuda mafuta akutha. Ndiye ukaika yatsopano umaonadi kusintha tsiku lomwelo, ndipo ndikuganiza mbiri yoti fyuluta imapulumutsa mafuta inachokera nthawi imeneyo. Koma ndinayesapo kuchotsa chimbale chokhalamo fyuluta chija n'kuika ka chrome kotsegula mbali zonse. Masana inkayenda, koma ukaponda mwadzidzidzi imayamba yatsamwa kaye, nthawi zina kuphulika mu kabureta, chifukwa mpweya wachuluka ma jet ali omwe aja. Choipitsitsa chinali mu Juni. Mukudziwa m'mawa wa kuno, nkhungu ndi kamvula kaja. Ndikupita ku Chikangawa galimoto inkangofooka pang'onopang'ono mpaka kuzima, ndikadikira mphindi zisanu yalira bwinobwino, kutsogolo yazimanso. Ndinavutika sabata ziwiri. Mdala wina ndi amene anandiuza kuti mu kabureta mukuundana ayezi, petulo akamasanduka nthunzi amaziziritsa pakhosi paja ndiye chinyezi chimaundana. Chimbale choyambirira chili ndi kapaipi kotenga mpweya wofunda pa manifold, ine ndinali nditataya ndikuyesa n'zokongoletsa. Ndinakachitola kuseri kwa nyumba nkhuku zitayamba kuikiramo

NyaKatoto
kkkkkk nkhuku zinadandaula

Joni_Returnee
Zomwe akunena a Bakkie zinayesedwapo. Mu 2009 a Oak Ridge National Laboratory ku America anatseka dala mafyuluta pa galimoto zingapo. Za injection mafuta sanasinthe kwenikweni chifukwa kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya, chomwe chinatsika ndi liwiro ponyamuka. Ya kabureta ya 1972 ndi yomwe inayamba kumwa kwambiri. Ndiye a Luwinga, mphwanu akamati cone ichepetsa mafuta pa 5A ya injection, ngati fyuluta yotsekeka siikweza mafuta, yotseguka iwatsitsa bwanji?

RunX_Boy265
Yanga mafuta anakwera kumene koma ndi chifukwa ndimaponda kuti ndimve sound

Dizilo5L
Onani, waulula yekha

RunX_Boy265
Koma inu simukumvetsa. Ena amaika pansi kuseri kwa bampala kuti izikoka mpweya wozizira, nkhani ya kutentha ya madala ija yatha pamenepo

MdalaSipanala
Yatha, yayamba ya madzi. Mzuzu uno mvula imagwa mpaka Epulo, Meyi nthawi zina, ndipo mukudziwa momwe madzi amadzadzira m'madambo a ku Chibavi ndi Chiputula. Mnyamata wina anabwera ndi galimoto pa chingwe, anaika cone kunsi ngati mukunenamo, analowa pa chithaphwi chofika theka la tayala. Injini inamwa. Madzi sapanikizika ngati mpweya, pisitoni ikukwera inakumana ndi khoma, con rod, chitsulo chogwira pisitoni, inapindika ngati nthochi. Tinachita kuitanitsa injini ina ku Dar. Kabokosi koyambirira kali ndi timabowo pansi totulutsa madzi ndipo pakamwa pake pali m'mwamba, anthu anakhala pansi kuganiza zimenezo

Chiweta_Express
Ndiye mwati a Luwinga atani? Poti kukana cone sikukweza galimoto pa Mpamba

MdalaSipanala
Compression test kaye, kuyeza momwe silinda iliyonse ikupanikizira mpweya, ndi ya mphindi 20, injini ili yotentha. Masilinda anayi azifanana. Ina ikatsika thirani kaoyilo pang'ono pa bowo la pulagi muyesenso, ikakwera ndi ma ring'i, ikapanda kukwera ndi ma valve kapena gasket. Kenako mapulagi ndi zingwe zake, distributor cap ndi rotor, timing, fuel filter yomwe ndikukhulupirira sinasinthidwepo chibwerere. Muonenso catalytic, chosefa utsi cha mu ekizozi, pa galimoto yodya oyilo imatsekeka ndiye injini imalephera kutulutsa mpweya, mumaponda koma siipita. Ndi mabuleki akumbuyo ngati sakugwira okha. Klatchi nayo, ngati rev ikukwera liwiro osakwera musavutike ndi injini

NyaKatoto
Ndipo muchepetse kondowole

AE110_Luwinga
Asisi kondowole ndi wa apongozi, bola injini ife kkkk. Ndamva madala, Loweruka ndipita nayo. Mphwanga ndamuonetsa zonsezi akuti nonse ndinu okalamba

Bakkie1400
Muuzeni okalambafe galimoto zathu zikuyendabe

AE110_Luwinga
Ndabwerako akuluakulu. A MdalaSipanala ngati munalota. Titatsegula kabokosi tinapeza clip imodzi yakumbuyo kulibe, chivundikiro chimangoyasama, air cleaner yake yakuda bii ndipo yopindika pakona. Chala mu hosi chinatuluka chofiira ngati ndakumba chiswe. Hosi yomweyo kunsi yang'ambika pa mapindo paja, wina anamatapo tepi kalekale ine osadziwa. Compression yatuluka 165, 160, 120, 165, titathira oyilo pa nambala 3 inakwera kufika 150. Mapulagi atatu ofiirira, ya nambala 3 yonyowa. Fuel filter titaitembenuza munatuluka zinthu ngati thobwa. Tasintha air cleaner, hosi ndinapeza ya kaunjika pa galimoto yophwasula, mapulagi ndi fuel filter. Dzulo ndinapita ku Ekwendeni ndi kubwerera, yapepukako ndithu, mtunda womwe ndimatsitsa giya 3 ndakwera pa 4, koma utsi wa buluu m'mawa ulipobe

MdalaSipanala
Nambala 3 ndi ma ring'i amenewo, fumbi lija linagwira ntchito yake. Iyendabe, muziona oyilo sabata iliyonse ndipo muyambe kusunga ya overhaul pang'onopang'ono. Clip ija mwaika?

AE110_Luwinga
Tamanga ndi waya kaye, clip sinapezeke

MdalaSipanala
Waya womanga bwino palibe vuto, bola chivundikiro chikhale pansi mbali zonse. Pakani girisi pang'ono pa labala wa m'mbali

Dizilo5L
Girisi ndi nzeru ya pa thirakitala imeneyo, ndimachita chimodzimodzi

RunX_Boy265
Ndiye a Luwinga, cone ya mphwanu ija ikadalipo? Akugulitsa zingati, mnzanga wa Vitz akuifuna

Probox_ya_Ekwendeni
Vitz yake ngati ndi ya injini ya 2NZ ili ndi MAF ngati yanga. Muuzeni asunge nambala ya makanika wanga wachitatu uja